Tsamba Lachinayi la Nyimbo ya Agogo Edwina

Yewo Msiska anamuimitsa ntchito Lachinayi masana, ali mkati modyetsa nkhalamba ina. Manijala wa nyumba yosamalira okalamba ku Rotherham anamuitanira mu ofesi. Anapezamo wapolisi wamkazi, ndipo pa tebulo panali chikwama chake, atachitsekula kale. Pambali pa chikwamacho anali atayalapo pepala limodzi lofiirira ndi ukalamba, lodzaza timadontho takuda pa mizere.

Pofika faifi koloko, Yewo anali atakhala m'khitchini mwa a Matilda Kachingwe, oyandikana nawo nyumba. A Matilda anali namwino pa chipatala china ku Sheffield, mayi wa zaka makumi asanu ndi kanthu, wosaseka wamba. Lamulungu ndiwo ankaimba kiyibodi ku mapemphero a Amalawi. Sanamutonthoze. Anangomuikira kapu ya tiyi patsogolo n'kumuuza kuti ayambire poyamba ndipo asalumphe kanthu.

Nkhani inali ya agogo Edwina a m'chipinda cha nambala naini, mzungu wa zaka 93 amene anali atayamba kuiwalaiwala. Pansi pa bedi lawo pankakhala sutikesi yachikopa. M'menemo munali mapepala a nyimbo a agogo awo aakazi, omwe m'zaka za m'ma 1880 ankasewera zisudzo zotchedwa balesiki ku Sheffield ndi ku Leeds. Zinali zisudzo zanyimbo zachipongwe: ankatenga nkhani yolemekezeka ya mafumu n'kuitembenuza kuti anthu aseke, akazi atavala mathalauzi n'kumasewera ngati akalonga. Nyimbo zambiri za m'sutikesimo zinali zolemba pamanja, ndipo sizinasindikizidwepo.

Lachitatu kunafika mwana wawo, a Watson, wokhala ku Spain. Anabwera kudzatenga mapepalawo kuti akawapereke ku nyumba yosungira zinthu zakale. Atatsekula sutikesi anapezamo nyuzipepala zokhazokha. M'mawa mwake manijala anasecha zikwama za antchito onse, ndipo m'chikwama cha Yewo munapezeka pepala lija.

"Unalitenga?" anafunsa a Matilda.

"Anandipatsa okha, anti. Ndipo silinali m'sutikesi ayi. Ankalisunga m'buku la zithunzi, kumutu kwa bedi."

Yewo anafotokoza kuti m'mawa uliwonse akamawapesa tsitsi, agogowo ankaimba nyimbo imodzimodzi, ya mfumu imene inataya nsapato ikuthawa mkazi wake. Iye anayamba kumawathandiza kuimba. Tsiku lina mu Okutobala anatulutsa pepalalo n'kumufumbatitsa, amvekere wodziwa kuimba ndiye asunge. Zonsezi anamuuza wapolisi. Wapolisiyo atapita kukafunsa agogowo, iwo anati sakumudziwa Yewo aliyense, kenaka anamufunsa wapolisiyo ngati anali mng'ono wawo amene anamwalira nthawi ya nkhondo.

A Matilda ankadziwa zimene zinali kudzatayika. Yewo anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti apatsidwe mapepala okhalira m'dzikomo. Iyi inali ntchito yake yoyamba, ndipo anali atangoyamba kumene zoti aitanitse mwana wake wamkazi amene anamusiya ku Mzuzu. Dzina lake likanangolowa m'buku la apolisi ngati wakuba, nyumba iliyonse ya okalamba ikanamutsekera chitseko.

Mwamwayi Yewo anali atalijambula pepalalo pa foni, poti ankafuna kudzawapempha a Matilda kuti adzamuimbire. A Matilda anaphunzira kuwerenga manotsi a nyimbo kwa masisitere ali ku sekondale. Anavala magalasi, anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kupita pa kiyibodi. Anaimba kawiri. Nyimboyo inkayambira pakati, ngati munthu wolowa m'nyumba ena akukambirana kale. Pakona ya pepalalo panali nambala 4, ndipo pansi pake mizere iwiri yotsekera nyimbo.

"Ili ndi tsamba lomaliza basi. Masamba atatu oyamba ali kwina," anatero. "Unayamba liti ntchito kumene kuja?"

"Pa 14 Sepitembala."

"Ndipo sutikesiyo unaionapo yotsekula?"

Yewo anapukusa mutu. A Matilda anazimitsa kiyibodi. Aliyense ankafunsa kuti waba ndani. Panalibe amene anafunsa kuti mapepalawo anachoka liti.

*

Shaibu ankakolopa ndi kuchapa pa nyumba ya okalamba ija. Anakana kukumana ndi a Matilda pafupi ndi kuntchito, choncho anakumana Loweruka pa depoti ya mabasi, pa benchi yakumapeto. Anali mwamuna wa ku Mangochi, woonda, wolankhula mothamanga, ndipo nthawi yonse imene anakhala pamenepo maso ake anali pa anthu odutsa.

Poyamba anati sakudziwa kanthu. Anati iye amalowa m'zipinda n'kukolopa n'kutuluka, zinthu za azungu sazigwira. A Matilda anamufunsa ngati pansi pa mabedi sakolopapo. Shaibu anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Amayi, ndikuuzani, koma inu simunamve kwa ine. Mu Ogasiti tinkachapa makapeti. Ndinakoka sutikesi ija, chotsekera chake n'chakufa, inangotseguka yokha. Munali manyuzi. Walahi, manyuzi okhaokha. Ndinatseka n'kubwezeretsa."

"Simunamuuze manijala?"

"Ndimuuze kuti chiyani? Wakuda watsekula sutikesi ya mzungu, ndiye wapeza mulibe kanthu? Lero bwenzi pa Yewo pali ine."

A Matilda anamupempha kuti akanene zomwezo kupolisi. Shaibu anaimirira n'kukoka zipi ya jekete mpaka pakhosi. Anati mapepala ake akutha mu Malichi, ali ndi ana awiri, ndipo amene amasaina kalata yake ya kuntchito ndi manijala yemweyo. Anati Yewo ndi mlongo wake m'dziko lachilendo lino, amamupempherera, koma dzina lake lisatchulidwe. Anakwera basi yoyamba imene inaima, ngakhale sinali yopita kwawo.

A Matilda anatsala pa benchipo. Tsopano ankadziwa kuti sutikesi inali yopanda nyimbo mwezi wathunthu Yewo asanapondeko. Koma umboniwo unali utakwera basi n'kupita.

*

Lamulungu atachoka ku mapemphero anagula maluwa otchipa n'kupita ku nyumba ya okalamba ija nthawi ya alendo. Pa chitseko analemba kuti ndi mnzawo wa agogo Edwina. Palibe amene anawafunsa zambiri.

Agogowo anali pa mpando pafupi ndi zenera, tsitsi lili nyankhalala. Anawalandira mwansangala ngati akuwadziwa, kenaka anawafunsa ngati sitima ya ku Leeds yafika. Pakhoma panali zithunzi. China chinali chakale kwambiri, cha mkazi wovala thalauzi lothina ndi chipewa cha nthenga. China chinali chatsopano, cha mtsikana wa tsitsi lofiira atawakumbatira agogowo. A Matilda anang'ung'udza chapansipansi tsamba lachinayi lija. Milomo ya agogowo inayamba kutsatira, osaphonya ndi pamodzi pomwe.

Munthu anagogoda khoma ndi ndodo kuchokera m'chipinda chinacho.

A Matilda atapita kukaona, anapeza kuti anali bambo Overton, nkhalamba ya zaka 88 imene inathera moyo wake m'fakitale ya zitsulo. Miyendo inali itawakana, koma mutu unali bwinobwino, ndipo lilime linali lakuthwa. Anati nyimbo imeneyo aimva kudzera pakhomalo zaka zitatu, m'mawa uliwonse, moti akadzamwalira adzamuimbira Mulungu imeneyo m'malo mwa ya m'buku.

A Matilda anawafunsa ngati akudziwa za mapepala osowawo.

"Mtsikana uja sanabe kanthu. Nyimbo imeneyi ndinaimva pa wayilesi mu Okutobala, akulengeza chisudzo cha ku Wakefield. Nyimbo yoti sinasindikizidwepo, ikulira pa wayilesi! Ndinamuuza manijala Lachinayi lomwe ankasecha zikwama lija. Anandisisita paphewa n'kundifunsa ngati ndamwa mankhwala."

"Mukutsimikiza kuti inali yomweyi?"

"Makutu anga anagonthera ku zitsulo, koma si onse. Ndi yomweyi. Kungoti iwowo amaimaliza molakwika. Edwina kumapeto amakwera. Iwo amatsika, ngati munthu wogwa pa masitepe."

Anatulutsa kabokosi kopanda kanthu ka mankhwala. Pa chivundikiro chake anali atalembapo dzina la holo ndi tsiku loyamba chisudzocho. Anati analemba chifukwa ankadziwa kuti tsiku lina kudzabwera munthu wofunsa mafunso anzeru, ngakhale sankayembekezera kuti achedwa chonchi.

*

Holoyo inali kuseri kwa msewu wa masitolo ku Wakefield, nyumba yakale yonunkha fumbi ndi penti. A Matilda anafikako Lachiwiri masana, tsiku lawo lopuma. Pa chitseko panali chikwangwani cholengeza nyimbo zoiwalika za balesiki zimene zapezeka patatha zaka zoposa zana. Mkati anthu ankayeserera.

Woyang'anira chisudzocho anali bambo Thomas, munthu wa kamimba, wovala sikafu yofiira, wokonda kulankhula kuposa kupuma. A Matilda atamuuza kuti amaimba kiyibodi ndipo amakonda nyimbo zakale, anawagwira mkono n'kuwakokera ku piyano. Anatsekula chikwama chachikulu chosalala. Mapepala onse anali momwemo, lililonse m'pulasitiki yake, inki itasanduka yofiirira. Anawaonetsa pamene woimba wakaleyo analemba ndi pensulo kuti apa tsinzinira diso anthu a kutsogolo, ndi pamene anafufuta mawu ena chifukwa oyang'anira mzinda anati ndi otukwana. Anati chuma chotere munthu amachiona kamodzi pa moyo.

A Matilda anapempha kuona nyimbo ya mfumu yotaya nsapato. Masamba anali atatu.

Bambo Thomas anadandaula kuti tsamba lachinayi silinabwere nawo. Analifuna paliponse, kenaka anangopeka yekha mathero, ndipo ankadziwa kuti ndi ofooka. A Matilda anafunsa ngati mwina linasowa mapepalawo atafika kale.

"Ayi, mayi, silinafike n'komwe. Ndinalemba mndandanda tsiku lomwe ndinawalandira. Onani apa: pa 9 Julaye, masamba atatu mwa anayi."

A Matilda anapempha kujambula mndandandawo, ndipo iye anavomera monyadira. Kenaka anamufunsa amene anabweretsa mapepalawo.

"Mwini wake weniweni. Magazi a woimba uja. Uyo ali apoyo."

Analoza pa siteji. Panali mkazi wovala thalauzi lothina, lupanga lamatabwa m'chiuno, chipewa cha nthenga m'manja. Tsitsi lake linali lofiira.

*

Dzina lake linali Lizzie, mwana wa a Watson, mdzukulu wa agogo Edwina. Pa chikwangwani ankagwiritsa ntchito dzina lina. A Matilda anamudikira mpaka nthawi yopuma, n'kumutsatira m'kachipinda kovalira. Sanazungulire. Anamuuza kuti ndi oyandikana nyumba ndi Yewo, n'kumuonetsa chithunzi cha mndandanda uja.

Lizzie anakhala pansi, lupanga likugunda mwendo wa mpando. Sanakane. Analankhula mofatsa, ngati munthu wofotokozera mwana chinthu chovuta. Anati bambo ake ankafuna kukatsekera nyimbozo m'kabati yagalasi momwe palibe akanaziimbanso. Anati iye ndi amene ankapita kukaona agogo ake mwezi ndi mwezi, bambo akewo akuwothera dzuwa ku Spain. Anawapempha bambowo kawiri kuti amubwereke mapepalawo, iwo anakana. Ndiye anangowatenga, n'kuikamo nyuzipepala kuti sutikesi isapepuke. Ankati adzawabweza chisudzo chikatha. Sankadziwa kuti bambo ake abwera msanga.

"Munalipo pamene ankasecha zikwama?" anafunsa a Matilda.

"Bambo anandiimbira foni."

"Anakuuzani kuti agwira munthu?"

"Anati apeza pepala m'chikwama cha wantchito wina. Ndinaganiza kuti angomuchenjeza basi. Anthu ngati amenewo sasowa ntchito, nyumba za okalamba zili mbwee."

A Matilda anaganiza zomuuza za zaka zisanu ndi chimodzi zija, za mwana wa ku Mzuzu, za tsitsi la agogo ake limene tsopano linalibe wolipesa. Anaona kuti kungakhale kutaya mawu. Anangomuuza kuti pofika Lachinayi m'mawa akhale atawaimbira bambo ake ndi apolisi. Akapanda kutero, chithunzicho achipereka okha, ndipo china achitumiza ku nyuzipepala ya mumzindamo sabata yotsegulira chisudzo.

Apa ndi pamene nkhope ya Lizzie inasintha. Anayamba kulira, akunena kuti wagwira ntchito miyezi inayi pa chisudzochi ndipo anthu khumi ndi awiri akudalira iye. A Matilda atafika pa chitseko, Lizzie anawaitana. Anapukuta m'maso n'kufunsa ngati pepala limene linapezeka m'chikwama lija linali ndi nambala pakona.

A Matilda anatsekula chitseko n'kutuluka.

*

Lizzie anaimba mafoniwo Lachitatu. Lachisanu wapolisi uja anamuimbira Yewo kumuuza kuti banjalo lapeza katundu wake, panali kusamvana chabe pakati pa bambo ndi mwana wawo, ndipo nkhani yatsekedwa. Lizzie sanaitanidwe ngakhale kukalemba sitetimenti. A Watson anabwerera ku Spain atagwirizana ndi mwana wawo kuti mapepala apite kosungira zakale chisudzo chikatha. Tsamba lachinayi apolisi analipereka kwa banjalo, poti amene analipereka kwa Yewo sakanatha kuchitira umboni kuti anaperekadi.

Yewo anachapa yunifolomu yake n'kuisita. Lolemba kunabwera kalata. Manijala analemba kuti ngakhale mlandu wakuba palibe, Yewo anavomera yekha pamaso pa wapolisi kuti analandira mphatso kwa wokalamba wosatha kuganiza bwino, ndipo sanakanene ku ofesi. Kumeneko kunali kuphwanya malamulo a ntchito. Popeza anali adakali pa miyezi yoyesedwa, ntchito yatha.

A Matilda anapita okha kukaonana ndi manijalayo. Anamuuza za mndandanda wa Julaye. Anamukumbutsa kuti bambo Overton anamuuza zoona tsiku loyamba lomwe. Manijalayo anamvetsera akugwedeza mutu, anati akumvetsa kwambiri mmene akumvera, ndipo anawapatsa kapepala kofotokoza njira yodandaulira. Potuluka anakumana ndi Shaibu m'khonde akukankha ndowa. Shaibu anawerama n'kumafinya chokolopera mpaka iwo atadutsa.

Yewo anafunsira ntchito m'nyumba zitatu za okalamba. Zonse zinapempha kalata yochokera kumene ankagwira kale, ndipo zonse sizinamuyankhenso. Kumayambiriro kwa Disembala anayamba ntchito yolongedza katundu m'nyumba yaikulu yosungira katundu kunja kwa Wakefield, ya ganyu, yoitanidwa pa foni tsiku limene akufunika. Zoitanitsa mwana anaziimika kaye.

Tsiku lina a Matilda pobwera kuntchito anapeza envelopu pa chitseko chawo. Inali yochokera ku holo ija, yolembedwa dzina lawo, koma mkati munali kakhadi kopita kwa Yewo. Anamupeza pa siteji ya basi ya pakona, atavala jekete yonyezimira ya kuntchito ndi nsapato zazitsulo kutsogolo. Kunja kunkazizira koopsa.

Yewo anatsekula ndi zala zouma. Kakhadiko kanali ndi maluwa kunja. Lizzie analemba kuti akuthokoza chifukwa chosamalira agogo ake mwachikondi, ndiponso chifukwa chosunga bwino tsamba lija, poti tsopano nyimbo yakwanira. Anati akukhulupirira kuti zonse zinatha bwino. Munali matikiti awiri a chisudzo cha Loweruka, mipando ya kumbuyo.

Yewo anawerenga mpaka pansi, anatembenuza kakhadiko kuona ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Matilda, ngakhale anali ataona nkhope yake.

"Akuti zikomo."

Anabwezera matikitiwo mu envelopu, anaipinda bwinobwino n'kuwapatsa a Matilda. Basi inali ikutulukira pa kona.

"Muwabwezere, anti. Muwauze kuti Loweruka ndili pa shifiti."